Bolodi Langa pa Paki ya pa Mlatho

Ana a masiku ano akamadutsa pafupi ndi mlatho wa pa Shire ku Mangochi amangoona fumbi, njinga za kabaza ndi ziwaya za tchipisi. Ndikawauza kuti pamenepo padali paki ya kapinga, maluwa ndi mabenchi, amandiyang'ana ngati mutu wayamba kundizungulira. Sindilimbana nawo. Munthu sungamukakamize kukumbukira chimene sadachione. Koma ine pamalopo ndidathera unyamata wanga wonse, kamera ili pakhosi, ndipo ndikafuna nditha kuloza pamene padali mtengo uliwonse.

Akuluakulu amene ndidawapeza ankati poyamba malowo adali owunjikapo nkhuni. Sitima za azungu zinkayenda ndi moto, ndiye zikamakwera mtsinje kupita kunyanja zinkaima pamenepo kudzatenga nkhuni zimene makolo athu ankasenza kuchokera kumapiri. Sitima za nkhuni zitatha, akazi a azungu a pa boma adabzalapo maluwa, nazunguliza waya, naikapo mabenchi oyang'ana kumtsinje. Munthu wakuda ankaloledwa kuthirira maluwawo, koma kukhala pa benchi ayi. Dziko litakhala lathu, waya uja adagwa yekha, ndipo anthu adakhalira mabenchiwo mobwezera mpaka matabwa adasalala. Maluwa adatha ndi mbuzi. Chidatsala ndi kapinga, migwalangwa ingapo, ndi mkuyu waukulu umene udaliko azungu asanabwere.

Pambali pa pakiyo pali nsanja ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi. Wotchiyo ine sindidaionepo ikunena zoona. Aliyense m'tauni ankamvera azana, kuitanira mapemphero kwa kumzikiti, ndipo nsanjayo ntchito yake idali yolozerana: tikumane pa wotchi. Chapafupi pomwepo pali mzinga umene akuti udachotsedwa pa sitima ya nkhondo, woimikidwa pa simenti, kukamwa kwake mutadzaza miyala ya ana. Ndiye padali mlatho wakale uja, wopapatiza, woti galimoto zinkachita kudikirana. Aliyense wochokera kutsidya, kaya ku Namwera, ku Makanjira kapena kumalire, akangotsika pa mlathowo ankafikira pa paki kudzapuma ndi kutsuka kumaso.

Ine kwathu ndi ku Chowe. Khasu lidandikana ndili wamng'ono, ndiye nditapeza kamera yogula kwa munthu wochokera ku Joni, ndidatsikira kuboma n'kudzikhazika pansi pa mkuyu uja. Anthu ankangonditchula kuti akamera. Filimu ikadzaza ndinkaitumiza ku Blantyre pa basi kuti akatsuke, ndipo zithunzi zikabwera ndinkazikhoma pa bolodi limene ndidalitsamiritsa ku mkuyuwo, kuti eni ake adzazipeze, komanso kuti odutsa akopeke. Asodzi a ku Nkhudzi akagulitsa bwino ankabwera kudzajambulitsa atagwira mzinga ngati adaugula okha. Anyamata ankabwerekana wotchi ya pamkono ndi magalasi akuda, munthu n'kuima atapinda dzanja kuti wotchiyo ioneke kuposa nkhope. Ndinkawaseka, koma ndinkadyera momwemo.

Kenako nkhondo ya ku Mozambiki idakula, ndipo mlatho udayamba kutsitsa anthu a mtundu wina. Sadali alendo kwenikweni, chifukwa Chiyao chawo chidali chathu chomwechi, ndipo ambiri adali ndi achibale mbali ino. Koma ankayenda mosatembenuka, mapazi atatupa, ana ali duu osalira. Ambiri ankakhala kumisasa ya kumalire, koma ena ankatsikira kuboma kudzafuna ganyu kapena chipatala, ndipo paki idasanduka pogona pawo masana. Ankafunika tizithunzi ta mutu ta pa makadi awo, ndiye ntchito idandichulukira. Tizithunzi totsala ndinkatikhoma pa bolodi monga mwa masiku onse, osaganiza kanthu.

Sindine ndidayambitsa zimene zidatsatira. Ndidangoona kuti m'mawa uliwonse bolodi langa likuzingidwa ndi anthu osafuna kujambulitsa. Ankayang'ana nkhope imodzi imodzi, chala chikuyenda pamwamba, kufunafuna mwamuna, mlongo, mwana amene adasiyana naye kuthengo. Nthawi zina munthu ankakuwa mpaka mbalame kuthawa mumkuyu, n'kundigwira malaya kuti ndinene kumene mwini nkhopeyo adalowera. Ena ndinkawakumbukira, ena ayi. Poyamba zinkandinyansa, chifukwa anthu olira amathamangitsa makasitomala, koma pambuyo pake ndidasiya kutaya chithunzi chilichonse ndipo ndidawonjezera thabwa lina.

Pakati pa anthuwo padali mayi wina wamtali, wa mbali za ku Mandimba, wobereka mwana wamkazi amene adali asanayambe kuyenda. Ankachapa zovala za anthu kumtsinje. Zithunzi zatsopano zikangofika, iye ndiye ankakhala woyamba pa bolodi, ndipo ankayang'ana mwakachetechete, n'kubwerera kumadzi. Tsiku lina ndidalephera kupirira.

"Amayi, kuona n'kwaulere, koma bolodi langa mulitha ndi maso," ndidatero. "Bwerani ndikujambuleni, mwina amene mukumufunayo nayenso akufuna inu."

Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu mumajambula anthu okhala ndi nkhope," adatero. "Yanga ndidaisiya kwathu. Mukaipeza mudzandiitane."

Ndidadzamva pambuyo pake kuti mwamuna wake sankamufuna pa bolodipo, chifukwa adamuona ndi maso akuphedwa pakhomo pawo. Ankafuna mayi ake ndi mchimwene wake, amene adathawira mbali ina tsiku lomwelo. Ndidayamba kumusungira malo pa mthunzi, ndipo akapita kukachapa ankandisiyira mwana uja. Mwanayo adaphunzira kuyenda akugwira simenti ya pa mzinga, ndipo atasiya kugwira, malo oyamba amene adagwera adali pa miyendo yanga.

Tidakwatirana chaka chotsatira. Vuto lidali lakuti mkazi sakwatiwa opanda nkhoswe, ndipo iye adalibe wachibale ndi mmodzi yemwe. Tidapempha mkulu wina wogulitsa mikeka pa paki pomwepo, wochokera mbali zomwezo za kwawo, kuti aimire. Mkuluyo adavomera, koma adanena poyera pamaso pa ashehe kuti iye ndi nkhoswe yobwereka, ndipo eni ake akadzapezeka adzawabwezera mpando wawo. Tonse tidaseka. Ine ndidaseka kwambiri kuposa onse, chifukwa nthawi imeneyo palibe amene ankakhulupirira kuti ku Mozambiki kudatsala munthu wamoyo.

Zaka zimene tidakhala limodzi sindizifotokoza zambiri, chifukwa zabwino sizikhala ndi nkhani. Tinkakangana za mchere ndi za nsapato zanga zimene ndinkalowa nazo m'nyumba. Mwana wathu wa ife awiri Mulungu sadatipatse, koma sindinkadandaula, popeza mtsikana uja ankanditchula kuti ababa ndipo sankadziwa bambo wina. Mkazi wanga adadzalola kujambulidwa kamodzi kokha, pa tsiku la Idi. Adavala chitenje chobiriwira ndi mpango woyera, nakhala pa benchi mwana atamuimika pakati pa miyendo, nsanja ya wotchi ili kumbuyo. Chidatuluka bwino kuposa chithunzi chilichonse chimene ndidajambulapo. Ndidachikulitsa, n'kuchikhoma pakati penipeni pa bolodi kuti onse aone zimene akamera amatha, komanso zimene akamera ali nazo kunyumba.

Adamwalira m'dzinja lina, matenda otsegula m'mimba atavuta m'tauni. Adayamba kudandaula m'mawa, ndipo tsiku lotsatira adali atapita. Monga mwa chipembedzo chathu, tidamuika tsiku lomwelo. Amuna tidanyamula jeneza kupita kumanda, akazi adatsala pakhomo, popeza kwathu kuno mkazi salowa kumanda. Mtsikana uja, amene adali atangoyamba sukulu, adatsala m'manja mwa amayi oyandikana nawo. Manda athu sitilembapo dzina. Ndidazikapo kamtengo kumutu ndi kuyika miyala iwiri, ndipo Lachisanu lililonse ndikachoka ku mzikiti ndinkadzera komweko kukazula udzu ndi kuchita duwa, pemphero lathu.

Anzanga ankandiuza kuti ndichotse chithunzi chija pa bolodi, kuti si bwino womwalira azionetsedwa pamsewu ngati malonda. Ndidawayankha zimene sindingalembe pano. Chithunzicho ndicho chinkandidzutsa m'mawa. Ena ankati ndimupereke mwanayo kwa alongo anga ku Chowe, kuti mwamuna sangalere mwana wamkazi. Nawonso ndidawabweza. Ndidaphunzira kuphika ndiwo zosapserera, ndidaphunzira kuluka tsitsi, ngakhale mizere yake inkakhota moti amayi a kumsika ankamuitana n'kumasula zonse akuseka. Akaweruka kusukulu ankabwera pa paki, n'kukhala pa mzinga miyendo ikulendewera, akundiuza amene wamenyedwa ndi aphunzitsi tsikulo. Ankayankhula mochedwa ngati mayi ake, ndipo akanena chinthu sankabwereza.

Nkhondo itatha kutsidya, malole adayamba kuima mumsewu wa pambali pa paki kutenga anthu obwerera kwawo. Kapinga yense adafera pamenepo, chifukwa anthu ankadikira masiku ndi akatundu awo, mbuzi, malata ndi mitondo. Nkhope zimene ndidazizolowera zinkatha imodzi imodzi. Ine ndinkasangalala nawo ndithu, ndipo sindinkaona kuti nkhaniyo ikundikhudza.

M'mawa wina ndidapeza munthu ataima pa bolodi langa. Adali wowonda, wovala jekete lalikulu pa kutentha konse kwa Mangochi, ndipo sankayendetsa chala ngati enawo. Maso ake adali pamalo amodzi. Ndidamulonjera. Kenako adaloza pakati pa bolodi.

"Achimwene, mayi uyu ali kuti?"

"Mukumufuniranji?" ndidafunsa.

"Ndi mlongo wanga. Mimba imodzi."

Ndikadatha kunama. Ndikadati adali wodutsa, sindikumudziwa. Koma pamene ankanena zimenezo ndidaona chibwano chake ndi mmene adaimira, phewa limodzi litatsika, ndipo ndidadziwa kuti ngakhale mbuzi ikadawazindikira kuti ndi amodzi. Ndidamukhazika pa benchi n'kumuuza zonse. Sadalire mokweza. Adangovula chipewa, nachipinda pinda m'manja, n'kufunsa kuti, "Nanga mwanache yu?" Ndidati ali kusukulu. Madzulo ake ndidapita naye kumanda kukamuonetsa pamene mlongo wake adagona.

Munthuyo ndidafuna kudana naye, koma sadandipatse pogwira. Ankanditchula kuti alamu kuyambira tsiku loyamba, ndipo adandithokoza mpaka ndidachita manyazi. Iye adathawira ku Makanjira, ana ake awiri adafera m'njira, ndipo mayi awo okalamba adali moyo, atabwerera kale kumudzi. Iwo ndiwo adamutuma kuti asabwere chimanjamanja: akapeze mwana wawo wamkazi, ndipo ngati palibe, abweretse chimene adasiya. Atanena mawu amenewo ndidadziwa chimene wabwerera.

Tidakhala pakhonde pa ashehe, ine, mlamu wangayo, ndi mkulu wa mikeka uja. Mkuluyo sadachedwe. Adati iye adali wobwereka, mwini wafika, ndipo adasuntha n'kukhala pansi. Ashehe adayankhula mofatsa, koma nkhani yake idali imene aliyense wobadwira kuno amaidziwa: mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi mjomba, malume ake a mwanayo. Ngakhale mwanayo akadakhala wa magazi anga, mlandu ukadandivuta, nanji wopeza.

Ndidalusa. Ndidafunsa kuti mwini mbumbayo adali kuti pamene mwanayo ankatentha thupi ine ndikuthamanga naye kuchipatala. Ndidati si inu nomwe mumati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, kapena mwambiwo umagwira ntchito pomudyetsa pokha? Ndidanena zambiri, zina zosayenera pakhonde la ashehe. Adandisiya mpaka ndidatopa. Kenako mlamu wanga adati, "Alamu, zonse mwanenazo n'zoona. Koma kumudzi kwatsala nkhalamba imodzi ndi ine. Mwana uyu akapanda kupita, mtundu wathu wathera pomwepa." Pamenepo ndidagonja, chifukwa ndikadakhala ine ndikadachita chimodzimodzi.

Masiku otsatira ndidayenda ngati wodwala. Kenako nzeru idandibwerera, ndipo ndidadzitukwana kuti sindidaiganize msanga. Ndani adati ine ndidamangiriridwa ku mkuyu? Kamera ilibe munda. Kutsidya nakonso kuli anthu, ndipo anthu ongobwerera kwawo adzafuna zithunzi. Ndidapita kwa mlamu wanga n'kumuuza kuti ndipita nawo. Adadabwa, koma adati, "Chambone, zili bwino, alamu. Malo aliko, tchire lokhalokha. Mudzakhala mkamwini wopanda mkazi, koma mudzakhala." Tidaseka, ndipo kadali koyamba kuti ndiseke chifikire iye.

Ndidadikira mtsikana uja kuti aweruke. Za ulendo wake ankazidziwa kale, ndipo chiuzidwire sadalire kapena kufunsa kanthu, zimene zinkandipweteka kuposa akadalira. Atafika ndidamugulira chinangwa chootcha, tidakhala pa benchi loyang'ana kumtsinje, ndipo ndidamuuza nkhani yanga yabwinoyo mothamanga ngati mwana. Ndidati usadandaule, tikwera limodzi lole, ndikamanga nyumba pafupi ndi ya agogo ako, palibe chimene chisinthe.

Adatafuna chinangwa chake mpaka kumeza. Kenako adapukusa mutu.

"Iyayi, ababa. Inu musapite."

Ndidaganiza kuti sadamve bwino, ndiye ndidabwereza. Adandiyang'ana m'maso.

"Ine kumene kuli amayi sindikudziwako," adatero. "Simudandilole kupita, mudati akazi sapita. Amjomba mwawaonetsa, koma akupita. Agogo a mikeka nawonso akupita. Inu mukapitanso, adzadziwa ndani?"

Ndidayesa kunena kuti Mulungu amadziwa pamene aliyense wagona, kuti womwalira sasowa mlonda. Mawuwo adali oona, koma adatuluka opanda mphamvu, ndipo iye sadawalabadire.

"Ndikadzakula ndidzabwera," adatero. "Ndidzaima kumsewu, inu mudzalowe, mudzaime pamene ali kuti ndidzaone. Mukachoka, udzu umera, ndiye ndidzafunsa ndani?"

Ndidazindikira kuti masiku onse amene adakhala chete aja ankaganiza zimenezi, ndipo adali atagawa kale ntchito: iye apite kwa agogo ake, ine nditsale ndi mayi ake. Adali mwana woti mano ena adali asanamere, koma adaweruza mlandu umene akuluakulu atatu sadauganizire n'komwe. Ndidalira pa benchi pomwepo, masana, anthu akuona, ndipo iye adandigwira bondo n'kundiuza kuti ndisachite manyazi, wina aliyense pa pakiyo akulira masiku ano.

Adanyamuka sabata yomweyo. Ndidamuluka tsitsi ndekha m'mawa wake, ndipo sadalole kuti amayi a kumsika akonze. Chithunzi cha pa Idi chija ndidachichotsa pa bolodi n'kumupatsa kuti akaonetse agogo ake. Lole yawo idadikira nthawi yaitali pakamwa pa mlatho kuti galimoto za kutsidya zidutse, ndipo nthawi yonseyo ndidaima m'munsi mwake, iye ali pamwamba pa matumba, tikungoyang'anana. Itayamba kuyenda sindidaithamangire.

Malole atatha, paki sidadzukenso. Mabenchi adapita kukakhala nkhuni, mkuyu udagwa ndi mphepo, mlatho watsopano udabwera n'kudya mbali ina ya malowo. Ntchito yanga idaphedwa ndi mafoni. Kangapo konse ndidatumiza uthenga kudzera mwa amalonda opita ku Mandimba, ndipo kamodzi wina adandiuza kuti banjalo lidasamukira mkati mwa dziko, kumene iye safikako. Alongo anga akhala akundiitana kuti ndikakalambire ku Chowe, kumene kuli ondiphikira. Ndimawauza kuti ndibwera, koma amadziwa kuti ndikunama.

Kumanda kuja kwadzaza tsopano, ndipo mitumbira yakale idafafanizika ndi mvula. Amene tidanyamula nawo jeneza tsiku lija onse adapita, ena kutsidya, ena komweko. Maso anga ayamba kuchita nkhungu, moti Lachisanu lina ndidazungulira nthawi ndithu ndisanapeze miyala iwiri ija, ndipo ndidachita mantha amene sindidawamvepo chibadwire. Panopa ndimapitako kawirikawiri kuti mapazi azolowere njira, maso akadzatheratu. Iye pano ndi mayi wamkulu, ngati ali moyo, mwina wa zidzukulu. Sindikudziwa ngati amakumbukira zimene adandiuza. Ine ndikudziwabe pamene mayi ake ali, ndipo ndikatuluka kumandako ndimayang'ana kumsewu ngati paima munthu.